Kupuma pa Mphasa

Ntchito yanga ndi yomvera anthu. Ndinaphunzira za maganizo a munthu ku Tete, m'Chipwitikizi, ndipo nditabwerera kuno ku Fingoe anandipatsa kachipinda ka zenera limodzi, mipando iwiri ndi mulu wa mapepala oti ndizidzaza. Anthu amanditchula kuti a dotora ngakhale sindibaya jakisoni. Chaka choyamba ndinkawakonza, kenako ndinangozisiya. Pakati pa sabata ndimakwera njinga yamoto kupita ku Chipera kapena ku Malowera, n'kubwerako fumbi lili m'mano, msana ukuwawa ngati ndasenza nkhuni. Zimene ndimamva m'kachipindamo sindinganene kwa wina aliyense, choncho ndimapita nazo kunyumba, n'kudya nazo, n'kugona nazo. Pa zaka zimene ndikukambazi ndinali wotopa kwambiri, kutopa kosatha ndi tulo.

Chimene chinkanditopetsa koposa si zimene anthu ankanena, koma zimene sankanena. Ambiri mwa obwera kwa ine anathawa nkhondo ali ana, n'kukulira ku Zambia kapena ku Malawi, ndipo lero ali ndi imvi. Ena ndi okumba golide amene dzenje linawagwerapo. Munthu amakhala pampando, manja ali pamaondo, n'kumati mutu, mtima ukuthamanga, ndipatseni mankhwala. Ukamufunsa kuti mumtima mukumva bwanji, amayankha kuti bwino, kaya inu a dotora. Ola lathunthu limatha choncho, iwe n'kulemba papepala kuti mwacheza.

Ndiye nditamva kuti mumzinda muli maphunziro a yoga, yowongola thupi ndi kukoka mpweya, yothandiza anthu amene anaona zoopsa, ndinapita. Mphunzitsi wathu ankati pakamwa pakhoza kukana, koma thupi limakumbukira, ndipo nthawi zina uyenera kuyamba ndi thupilo. Anatipatsa malamulo. Usamugwire munthu. Usamuimire kumbuyo. Aliyense aziona pakhomo. Koposa zonse, usalamule, chilichonse uzinena mopempha, uziyamba ndi mawu oti ngati mukufuna. Ndinalemba zonsezi m'kope mwaukhondo, ndipo ndinabwerako ndikudziona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Mawu oti yoga sanakhalitse. Sabata yoyamba yomweyo mkulu wina wa mpingo anabwera kudzandifunsa mwaulemu ngati n'zoona kuti ndabweretsa mapemphero a amwenye. Ndinamuonetsa mmene timawongolera msana ndi mmene timakwezera manja. Iye anayang'ana, n'kuti, "Aa, si jinasitika imeneyi? Tinkachita kusukulu." Kuyambira tsikulo inakhala jinasitika ya a dotora, ndipo mkuluyo anatibwereka chisakasa cha kuseri kwa tchalitchi, Lachinayi lililonse m'mawa. Kumaphunziro kuja tinkagona pa timphasa ta labala. Kuno tikanatitenga kuti? Ndinazungulira kwa anansi n'kubwereka mphasa khumi za bango, ndipo ndinadzitama mumtima kuti ndine wanzeru.

Tsiku loyamba kunabwera amayi asanu ndi atatu. Tinaima mozungulira, tinakweza manja m'mwamba, ndipo ine ndinanena ndi mawu ofewa aja anatiphunzitsa, "Tsopano pumani." Onse anatsitsa manja n'kukhala pansi. Wina anamasula mfundo ya chitenje n'kuyamba kusenda mtedza.

"Nanga mwakhaliranji?" ndinafunsa.

"Mwati tipume, a dotora," anayankha wa mtedzayo. "Ifenso timadabwa kuti jinasitika yake yachepa bwanji."

Tinaseka mpaka misozi. M'Chipwitikizi chimene ndinaphunziriramo, kukoka mpweya kuli ndi mawu ake, kupumula kulinso ndi ake. Kwathu mawu ndi amodzi, ndipo ine mwana wa kuno ndinali ndisanaganizepo zimenezo. Ndinayamba kunena kuti kokani mpweya, tulutsani mpweya, ngati ndikuphunzitsa ana kupopa njinga. Mawu aja oti ngati mukufuna nawonso sanapite patali. Wa mtedza yemweyo anandiuza mosabisa, "Ife tingafune chiyani, a dotora? Inu nenani, ife tichita." Munthu wa boma akati ngati mukufuna, anthu athu amamva kuti chitani.

Mayi amene ndikufuna kukamba za iwo anabwera mwezi wachiwiri. Kwawo ndi ku Malowera, koma ankakhala kwa mwana wawo wamkazi kuno ku Fingoe, amene mwamuna wake amakumba golide. Mwanayo ndi amene anawakokera m'kachipinda kanga. Anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wowonda, koma miyendo yawo inali yotupa mpaka akakolo osaoneka.

"Amayi sagona pansi, a dotora," anatero mwanayo. "Amagona chokhala, atatsamira khoma, maso kukhomo. Chibadwire changa sindinawaonepo atagona pa mphasa. A infirimera a kuchipatala akuti miyendoyi siiphwa akapanda kumagona n'kuikweza."

Ndinatembenukira kwa mayiwo. "Mayi, chimachitika n'chiyani mukagona?"

"Ndimapemphera, mwananga," anayankha, ndipo anathera pomwepo.

Anabwera katatu, ndipo katatu konseko tinangomvera limodzi phokoso la njinga zamoto za kumsika. Nditasowa pogwira ndinawaitanira ku jinasitika. Anabwera, n'kusankha malo a kumapeto, pafupi ndi potulukira. Ankachita chilichonse chimene ndanena, osaphonya, nsagwada zili gwa, ngati munthu amene akulipira mlandu.

Yoga imatha ndi kugona chagada, manja m'mbali, maso otsinzina. Dzina la kagonedwe kameneko m'chinenero cha eni ake limatanthauza mtembo, ndipo mphunzitsi anatichenjeza kuti tisamalitchule. Milungu yonseyo ndinali ndisanawagoneke amayi a jinasitika aja, tinkamaliza chokhala. Koma Lachinayi lina ndinafika ndili wofooka. Dzulo lake ndinali ku Chipera, kumene ndinakhala tsiku lonse ndi banja lina lofedwa, ndipo njinga inatiphulikira tayala pobwerera. Ndinene zoona, ndinawagoneka tsiku limenelo chifukwa ineyo ndinkafuna kugona. Ndinati, "Gonani chagada pa mphasa, manja m'mbali, tsinzinani." Mawu oti ngati mukufuna ndinawaiwala.

Anagona mondandalika, amayi khumi pa mphasa khumi, kuseri kwa tchalitchi, zitenje zitafunda miyendo. Wa mtedza uja ananong'ona kuti, "Kwangotsala nyimbo ya maliro," ndipo ena anaseka chamumtima. Ine sindinamve chenjezo m'nthabwalayo. Ndinagona nanenso, msana wanga n'kuthokoza, ndipo mwina ndikanasinza pakanapanda mawu a mwana wa mayi a ku Malowera aja, amene ankawaperekeza.

"A dotora! Amayi sakupuma!"

Ndinadzambatuka. Mayiwo anali gone, thupi lili gwa ngati thabwa, maso atatsinzina mwamphamvu, mimba osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ntchentche inatera pamlomo pawo, iwo osaiingitsa. Mwanayo ankawagwedeza akulira. Ndinamuuza kuti awadzutse akhale tsonga, ine n'kugwada patsogolo pawo. Ndinalankhula pang'onopang'ono. "Mayi, muli ku Fingoe. Lero ndi Lachinayi. Uyu ndi mwana wanu. Tsegulani maso muone mtengo wa mango uwo." Ndinabwereza kangapo. Kenako anakoka mpweya ndi phokoso lalikulu ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kutsegula maso. Chitenje chawo chinali chitanyowa, ndipo aliyense anaona. Anaimirira, osayang'ana munthu, n'kutuluka.

Ena atabalalika, wa mtedza uja anatsalira kuti andithandize kupinda mphasa. Tsiku limeneli sanaseke.

"Inu a dotora, si inu mwana wa kuno?" anandifunsa. "Simudziwa kuti mphasa timakulungira chiyani? Nthawi ya nkhondo mabokosi tikanawatenga kuti? Ndiye inu mwatindandalika chagada, pa mphasa, kuseri kwa tchalitchi."

Ndinkadziwa, inde. Ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, ndipo ndili mwana ndinaonapo maliro atanyamulidwa m'mphasa. Koma chidziwitso chimenecho ndinachisiya panja tsiku limene ndinalowa m'kalasi. Dzina la mtembo lija ndinalibisa bwinobwino monga anandiuzira, koma mphasa zinalitchula m'malo mwanga. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali ndisanafunse ngakhale mmodzi mwa amayi khumi aja.

Milungu iwiri mayiwo sanabwere, mwana wawonso ayi. Ndinakwiyira mphunzitsi uja, ndinakwiyira kope langa laukhondo, koma makamaka ndinadzikwiyira ndekha. Munthu anabwera kwa ine ndi miyendo yotupa, ine n'kumuonjezera manyazi pamaso pa anzake. Ndinaganiza zongoisiya jinasitikayo, ndibwerere ku mapepala anga, amene salira ndipo sadzinyowetsa. Koma nkhope ija inkandibwerera ndikamadya, ndikamasamba, ndikakhala panjinga. Masana ena ndinatseka kachipinda kanga n'kupita kunyumba kwa mwana wawo.

Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga, atatsamira khoma. Mwanayo anali atapita kumjigo. Ndinaodira, anandipatsa kampando, ine n'kukana, ndinakhala pansi.

"Ndabwera kudzapepesa, mayi. Ndinalakwa."

Anandikankhira chimanga china, ndipo ndinayamba kutong'ola nawo. Tinatong'ola mpaka lichero linatsala pang'ono kudzaza. Kenako anayamba kulankhula, maso ali pa chimanga, mawu osakwera osatsika.

"Ndinali kamtsikana, mawere akungoyamba kumene. Matropa, asilikali aja, anafika m'mawa, tisanapite kumunda. Anati tonse tigone pansi pabwalo. Tinagona. Ine ndinali pakati pa amayi anga ndi azakhali." Anathyola chitsononkho pakati n'kuchiponya pambali. "Zitatha zimene anachitazo, anayamba kuyenda pakati pathu kuyang'ana mimba. Mimba ikagwedezeka, mwini wake amamumaliza. Ndiye ine ndinasiya kupuma. Ntchentche zimandiyenda m'maso, ine zii. Akapita uko ndimaba kampweya pang'ono, akabwera ndimasiya. Ndinagona choncho mpaka dzuwa linachoka uku kufika uko."

Sananene kuti asilikaliwo anali a mbali iti, ndipo ine sindinafunse. Manja anga anali atasiya kutong'ola.

"Ndinapulumuka chifukwa sindinapume, mwananga. Tsopano inu mukuti pumani." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndikangogona chagada, thupi limadziwa lokha chochita. Silindifunsa ine. Mwana wangayu sadziwa zimenezi, ndipo musamuuze."

Zaka zonse zija ndinkalakalaka kuti anthu azilankhula, koma tsiku limene mayiwa analankhula, ine ndi amene ndinasowa mawu. Ndinangoti sayenera kubweranso ku jinasitika, tikhoza kumangocheza pakhonde pomwepo. Anapukusa mutu.

"Miyendoyi ikundipha. Ndatopa, a dotora. Zaka zoposa makumi atatu ndikugona ngati mlonda. Ndikufuna ndigoneko ngati munthu ndisanafe."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachinayi lotsatira anabwera okha, n'kukaima pamalo pawo pa kumapeto, ndipo palibe amene anatchula za chitenje chija.

Mphasa ndinabweza kwa eni ake. Tinayamba kuyala masaka ndi zitenje zakale, aliyense poti wakonda, osatinso mondandalika. Pomaliza ndinkati aliyense afunse thupi lake mmene likufuna kukhalira. Poyamba ankandiyang'ana kudikira kuti ndiwauze, ine n'kungokhala chete mpaka atatopa nane. Wina ankagona chammbali, wina chafufumimba, wa mtedza ankangokhala n'kumasenda mtedza wake. Mayi a ku Malowera ankatsamira mzati wa chisakasa, maso ali kunjira.

Ndisaname kuti zinayenda msanga. Mwezi wathunthu unatha tikungophunzira kuika dzanja pamimba n'kuimva ikukwera ndi kutsika. Kwa iwo chimenecho chinali chinthu choopsa, ndipo masiku ena dzanjalo ankalichotsa msanga. Mwezi wina anavomera kusanjika miyendo pa thumba la madeya. Kenako mvula inagwa, anthu anapita kuminda, ndipo Lachinayi lina tinapezeka anthu atatu okha m'chisakasa chodontha. Mayiwo anapita ku Malowera kukalima, n'kubwerako miyendo itatupa kuposa kale, ndipo tinayambiranso pa dzanja pamimba. Mapepala anga ankafuna ndilembe kuti ndi angati achira. Ndinkayang'ana kabokosi kolembamo nambalako n'kumva ulesi mpaka m'mafupa.

Tsiku limene ndimalikumbukira linali la m'nyengo yozizira, anthu atakolola. Titamaliza jinasitika, amayi ena ananyamuka, koma a ku Malowera aja anatsalira. Anapita kuseri kwa mzati n'kutenga chinthu chimene anabwera nacho m'mawa ine osachiona. Inali mphasa yatsopano, yopindidwa, yomangidwa ndi luzi.

"Mpongozi wanga anandigulira chaka chatha," anatero. "Sindinagonerepo. Ndinaganiza kuti ikangokhala, adzandikulungiramo isanandidziwe."

Ndinati tikhoza kuyala thumba m'malo mwake. Anakana. Anaiyala okha pamalo pamene dzuwa limalowa m'chisakasa, n'kuisalaza ndi dzanja. Kenako anandiuza zochita, ndipo aka kanali koyamba kuti munthu andilamule m'chisakasa chimenecho.

"Inu mukhale apo. Muziyang'ana kunjira, muziyang'ananso mimba yanga. Musatsinzine. Mukaona yasiya, mundiitane."

M'mawa umenewo ndinayenera kupita ku Chipera, ndipo wa njinga yamoto ankandidikira kumsika. Sindinatchule zimenezo. Ndinakhala pamene analozapo.

Anagwada, anatsamira chigongono, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka phewa linakhudza mphasa. Anagona chammbali, maondo atapinda, maso ali tong'o. Mimba inakwera kawiri, katatu, kenako inaima.

"Ndilipo, mayi," ndinatero. "Kunjira kulibe munthu. Kwangodutsa mbuzi."

Mimba inayambanso. Patapita kanthawi inaimanso, ine n'kuwauza kuti kwadutsa mayi wosenza nkhuni. Tinachita choncho kambirimbiri, ine kutchula chilichonse chodutsa, njinga, galu, ana a sukulu, iwo kuba mpweya pang'onopang'ono. Ndili mkati moyang'anitsitsa mimbayo, ndinazindikira kuti ndikuchita chimene anthu aja anachita pabwalo tsiku lija, kuyang'ana mimba ya munthu yemweyu ngati ikugwedezeka. Ndinafuna kuyang'ana kumbali, koma anali atandiuza kuti ndisachotse maso, choncho sindinachotse.

Sindikudziwa kuti maso awo anatsekeka nthawi yanji. Ndinangomva kamkonono, kakang'ono poyamba, kenako kenikeni, kokhala ngati ka bambo woledzera. Dzanja limene analifumbata linamasuka. Mwendo umodzi unawongoka wokha. Anagona tulo tofa nato, pakamwa pali yasa, dovu likutsikira pa mphasa yatsopano ija. Ine ndinalira, mwakachetechete kuti ndisawadzutse, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira iwo kapena kutopa kwanga.

Wa njinga uja atatopa kudikira anabwera mpaka kutchalitchi, n'kuliza hutala. Ndinamuyang'ana ndi diso limene sanaliiwale mpaka lero, n'kumukupiza ndi dzanja kuti achoke. Anazimitsa injini n'kuikankha njingayo chamanja mpaka kumsewu. Ku Chipera sindinapite tsiku limenelo. Njala inandipweteka, mwendo unachita dzanzi, msana unayaka moto, koma sindinasunthe. Dzuwa linachoka pa mphasa, mthunzi unafika pa miyendo yawo, kenako pamapewa, mimba ija ikungokwera ndi kutsika yokha popanda woipempha.

Anadzuka chakumadzulo. Anatsegula maso mwadzidzidzi, n'kuyang'ana denga, mzati, kenako ine. Patsaya pawo panali mizere ya bango. Anasuzumira kunja n'kuona pamene dzuwa lafika.

"Lachoka uku kufika uko?" anafunsa ndi mawu a tulo.

"Lafika, mayi."

Anaika dzanja pamimba. Kenako anatambasula dzanja linalo kuti ndiwadzutse. Anatiphunzitsa kuti tisamagwire munthu, koma apa munthuyo ndi amene anapempha, ndipo ndinaligwira. Linali lofunda, lokhakhala ndi khasu. Atakhala tsonga sanalisiye msanga.

"A dotora," anatero, akundiyang'ana m'maso koyamba chidziwanireni, "ndinapuma?"

Sindinadziwe ngati akufunsa za mpweya kapena za mpumulo, ndipo sindinafune kuwafunsa. Tsiku limenelo ndinathokoza kuti kwathu mawuwa ndi amodzi.

"Munapuma, mayi."

Anapukuta dovu ndi nsonga ya chitenje, anapinda mphasa yawo, n'kuiika m'khwapa. Luzi lomangira lija analisiya pansi.